Matumbo a Khoswe M'botolo

Ntchito yanga ndi yoweta matumbo a khoswe. Ndikanena chonchi anthu amaseka, ndipo nanenso ndinkaseka nawo, mpaka dzinja limene mwana wa achemwali anga anamwalira kwathu ku Mandimba.

Ndifotokoze kaye, ngakhale kufotokoza komweku ndi kumene kunandigwetsa m'mavuto. M'kati mwa matumbo muli kakhungu kopyapyala kamene kamayamwa chakudya ndi madzi. Kakhunguka ndi kopangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, timene kusukulu amati maselo. Kalekale, ine ndisanabadwe, anthu ena akunja anatenga maselo otere m'matumbo a kakhoswe kamodzi n'kuwaika m'botolo, ndipo maselowo anapitiriza kuswana. Khosweyo anafa n'kuwola, koma kachigawo ka matumbo ake kakadali moyo m'mayiko ambiri. Ena mwa maselowo anafika ku Nampula, m'labotale yaing'ono imene ndimagwiramo ntchito.

Timawasunga m'mabotolo athyathyathya, m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Amamera pansi pa botolo mothithikana, ndipo ukawayang'ana pa makina okuzira zinthu amaoneka ngati mamba a nsomba. Amakhala m'madzi ofiirira momwe muli chakudya chawo. Chakudyacho chikatha madziwo amasanduka achikasu, ndiye umawataya n'kuthiramo atsopano. Ukachedwa, maselo amamatuka n'kuyandama, afa basi. Ife timawathira poizoni wa tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba, kuti tione mmene matumbo amawonongekera ndi chimene chingawateteze. Ntchito yake ndi yomweyo, palibe china.

Amayi ankainyadira ntchitoyi ngakhale ankandiseka nayo. Iwo anabwera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi atabereka achemwali kumsana, ine ndili m'mimba, ndipo kukhala ndi mwana wovala malaya oyera ngati a kuchipatala chinali chinthu chachikulu kwa iwo. "Makoswe atha chimanga m'nkhokwe muno," ankatero, "iwe n'kukwera sitima kukalera matumbo a khoswe wa azungu." Mawu oti maselo sankawakhala pakamwa. Ankangoti tinthu take tija.

Uthenga unandipeza madzulo, mvula ili pakati. Kamtsikana ka achemwali, kamene kanali katangoyamba kuyankhula, kanayamba kutsegula m'mimba m'mawa, dzuwa lisanalowe kanali katatsirizika. Azaumoyo analamula kuti aike msanga. Sitima ya ku Cuamba siyenda tsiku lililonse, ndipo ngakhale ndikanakwera ya m'mawa mwake, ndikanapeza manda atakwiriridwa kale. Mnzanga wa kuntchito anali atachokapo, ndipo panalibe wina woti adyetse maselo. Ndinauza amayi pafoni, ndikulira, kuti ndibwera ndi sitima yotsatira. "Ndidyetse kaye tinthu tija, amayi. Tinthu timeneti tikasowa chakudya timafa."

Amayi satha kukometsa mawu. Azimayi a m'siwa atawafunsa kuti mwana wanu wa ku Nampula ali kuti, iwo anayankha ndendende mmene ndinanenera.

Ndinatsika sitima ku Cuamba, n'kukwera chapa, minibasi yodzaza ndi matumba a mchere, mpaka ku Mandimba, kenako mota, njinga yamoto yonyamula anthu, kutsata njira yamatope yolowera ku Ngauma. Kwathu munthu wofika mochedwa pamaliro amayambira kulira panjira, ndipo azimayi a pamudzi amatuluka kudzamuchingamira, kumugwira m'mapewa ndi kulira naye mpaka m'nyumba. Ndinayamba kulira nditangoona madenga. Ndinaona mitu ikusuzumira m'makonde, koma palibe amene anatuluka. Ndinayenda ndekha njira yonseyo, kulira kwanga kukumveka kwachilendo m'makutu mwanga momwe, mpaka mawu anandithera ndisanafike pakhomo.

Achemwali anali m'nyumba, atakhala pamkeka moyang'ana kukhoma. Ndinagwada pafupi nawo n'kuwagwira mwendo. Anaufunya mwendowo pang'onopang'ono, osatembenuka. Apo m'pamene mantha anandilowa, ndisanadziwe n'komwe chimene ndikuopa.

Tsiku lometa, pamene achibale amasonkhana kumeta tsitsi ndi kukambirana za imfa, atsibweni anandiitana pakati pa bwalo. Atsibweni ndi mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, munthu wofatsa amene amakonza njinga pamsika wa Mandimba. Ndi iwo amene ankandikweza pa keliyala ndili wamng'ono popita kusukulu. Mbali inayo kunakhala achibale a bambo a mwana womwalirayo, anthu a ku Ngauma, nkhope zili gwa.

"Mwana wa mlongo wanga," anayamba atsibweni, "anthu akufuna kumva kwa iwe mwini. Chimene umadyetsa ku Nampula n'chiyani?"

Mtima unakhala pansi, ndinaona ngati nkhani yapafupi. Ndinafotokoza monga ndimafotokozera ana a sukulu obwera kudzaona labotale, mpaka kujambula botolo padothi ndi chala.

"Ndiye n'chamoyo?" anafunsa atsibweni.

"N'chamoyo, atsibweni, koma si nyama ayi. Chilibe mutu, chilibe maso."

"Mwini wake wa matumbowo ali kuti?"

"Anafa kalekale."

"Anafa, koma matumbo ake akudya."

"Akudya, inde."

"Akudya chiyani?"

"Madzi a shuga ndi mchere ndi zina zomanga thupi. Timathiramonso pang'ono madzi ochokera m'magazi a mwana wa ng'ombe."

Mayi wina wa ku Ngauma anabwereza liwu limodzi lokha, motsitsa: "Magazi." Liwulo linayenda kuchoka pakamwa pa uyu kupita pa uyo mpaka kumapeto kwa bwalo. Kenako bambo a mwanayo, amene anali asanayankhule chifikire changa, anafunsa mutu uli pansi.

"Alamu, nanga mukachidyetsa mumachita nacho chiyani?"

Yankho ndinkalidziwa, ndipo ndinadziwanso mmene limvekere. Ndinayang'ana amayi, iwo ankayang'ana zala zawo zakuphazi. "Timathirapo poizoni wa matenda otsegula m'mimba," ndinatero, "kuti tipeze mankhwala ake." Theka lomaliza la mawuwo palibe amene analimva.

Kwathu aliyense amadziwa nkhani ya anthu okhwima. Amati munthu wofuna kulemera kapena kukwera pantchito amasunga kanthu m'chipinda chosalowa anthu, mumphika kapena m'botolo, kanthu kosafa, kofuna magazi. Kakamva njala kamatenga mwana wa pachibale. Ine ndinakula ndikumva zimenezi, ndipo ndinali nditangoima pakati pa bwalo n'kuzivomereza chimodzichimodzi ndi pakamwa panga. Ndinapsa mtima kwambiri, ndi iwo komanso ndi mmene choonadi chinawagwirizanira bwino, koma mkwiyo wake unali wa nkhuku yomangidwa miyendo.

Achinyamata a ku Ngauma anati aitane sing'anga wa kutsidya kwa malire. Wina kumbuyo anatchula za moto. Chaka chimenecho tinali titamva za midzi ina kumene anatentha nyumba za anthu owaganizira kuti akufalitsa kolera, ndipo nyumba ya amayi ndi yaudzu. Atsibweni anakweza dzanja.

"Palibe choitanira sing'anga. Tonse tikudziwa kuti kanthu kotere kakasowa chakudya kamatembenukira mwini wake. Mwanayu akhale pompano mpaka mwezi uli kumwambawu ufe, wina uoneke. Foni yake ndisunga ine, asatume munthu kukadyetsa. Akadwala, tidziwa. Akapanda kudwala, aliyense atseke pakamwa."

Anthu anavomera. Ndikudziwa kuti atsibweni ankandipulumutsa, ndipo mumtima mwawo ankati apeza mayeso amene munthu wosalakwa sangalephere. Sanaganize kuti linali dzinja, kuti mjigo unali utawonongeka, ndi kuti mudzi wonse unkamwa madzi a pachitsime chomwe anamwa mwana uja. Ine ndinaziganiza nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo dzina langa ndi nyumba ya amayi zinadalira m'mimba mwanga.

M'chikwama changa munali kabotolo ka mankhwala odontheza m'madzi akumwa. Ndinakatulutsa, n'kukayang'ana, n'kuganiza mmene ndingaonekere wina atandipeza ndikudontheza kanthu kochokera m'kabotolo. Ndinakabisa m'kapulana, chitenje chimene ndinavala m'chiuno, n'kukakaponya m'chimbudzi. Ndinayesanso kuwiritsa madzi anga padera kuseri kwa khitchini. Akazi awo a atsibweni anandipeza, naima atagwira m'chiuno.

"Madzi akwathu ayamba kununkha tsopano? Kapena pali chimene ukuphika?"

Ndinaphula mphikawo.

Pakudya timasamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira wamkulu. Ine ndinali wotsiriza. Madzi ankafika kwa ine ali mbuu, maso onse ali pa manja anga, ndipo ndinkasamba. Ndinkasankha zotentha kwambiri, mondokwa wochoka pamoto kumene, phala lowotcha lilime. Anthu amene sanandipatsepo moni chibadwire anayamba kubwera kudzandizonda. Ankakhala pakhonde n'kumandifunsa za mitengo ya nsomba ku Nampula, koma akuyang'ana milomo yanga ngati yauma ndi maso anga ngati alowa. Ena ankapempha madzi akumwa, kumwako theka, n'kundipatsa kapu kuti ndimalize. Mmodzi yekha, mayi wachisilamu wogulitsa mandasi, mnzawo wa amayi, ndi amene ankabwera kudzacheza zenizeni. Ankandibweretsera tiyi wotentha n'kukhala nane osafunsa kanthu.

Chimbudzi chathu chili kuseri kwa nyumba, poonekera kunjira. Sipanatenge nthawi kuti ndizindikire kuti nthawi zonse pamakhala mayi wina akusenda chinangwa kapena kuluka mwana tsitsi pamalo oti akuona chitseko chake. Munthu wamkulu, wa digiri, ndinayamba kuopa kupita kuchimbudzi kawiri dzuwa lisanalowe.

Maphunziro sanandichotsere mantha, anangowonjezera. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chimachitika poizoni akafika pa kakhungu kaja. Maselo amasiya kuyamwa n'kuyamba kutaya madzi ndi mchere, ndipo munthu amatha ngati chidebe chobooka. Zimenezi ndinali nditaziyesa kambirimbiri nditakhala mwaufulu pampando wa mu labotale, kulemba manambala, kupita kukadya nkhomaliro. Tsopano ndikameza kalikonse ndinkamvetsera m'mimba mwanga. Kukalira pang'ono ndinkaleka kupuma mpaka kutakhala chete.

Mwezi unali utatsala kachidutswa pamene zinachitika. Ndinkasinja ndi amayi m'mawa. M'mimba munapotokola, kenako munalira mokoka. Ndinaimika munsi. Thukuta lozizira linatuluka pamphumi. Pansi pa mtengo, pafupi pomwepo, akazi awo a atsibweni anali akusankha nyemba.

Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anakweza mawu ngati akukalipa.

"Anyani atha mondokwa kumunda wa kuphiri, ife tili pano kusinja. Mlamu, ine ndi mtsikana wa mumzindayu tikukakhala kumsasa. Aphunzireko kukuwa anyani, asamangodya zaulere."

Akazi awo a atsibweni anaseka. "Mumutenge, manja akewo afewa kwambiri."

Kumunda si ku Nampula, choncho palibe amene anatiletsa. Ulendo wake sindiukumbuka bwino. Ndimakumbuka kuti ndinasenza mphika ndi mkeka, ndikuyenda chowongoka, kupereka moni kwa odutsa nditaluma mano. Bambo wina anatiimitsa kufunsa amayi za mbewu ya nyemba, ndipo amayi anamuyankha modekha mpaka atakhutira, ine nditaima pambali miyendo ikunjenjemera. Titangolowa m'chimanga chachitali ndinaponya katundu pansi.

Msasa wake ndi kadenga ka udzu pakati pa munda. Amayi anakumba dzenje kutali ndi kamtsinje, anakoleza moto, anawiritsa madzi, namasula mfundo ya kapulana yawo momwe munali shuga ndi mchere. Anali atatenga tisananyamuke, ine osaona. Ankandimwetsa pang'onopang'ono, ndikasanza ankadikira n'kuyambiranso. Pakati pake ankatuluka kukamenya chitini ndi kukuwa anyani, kuti a m'minda yoyandikana amve kuti tili pantchito.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, ndinatsina khungu la padzanja langa, ndipo linakhala chotsinika osabwerera. Tanthauzo lake ndinkalidziwa. Kuchipatala cha ku Mandimba kunali diripi, ndipo mota ikanatifikitsa. Koma njira ya mota imadutsa pakati pa mudzi, ndipo munthu wodwala womugwirira pamota aliyense amamuona. Ine ndikanachira n'kubwerera ku Nampula, amayi akanatsala ndi anthu aja. Ndinawauza zonsezi, mawu akutuluka osasa. Ndinkaopa kufa, ndinene mosabisa, ndinkaopa kwambiri, ndipo ndinkafuna kuti iwo asankhe m'malo mwanga.

"Dzuwa likapendeka usanakodze, ndikubereka ndekha mpaka kumsewu," anatero. "Nyumbayo atenthe, udzu sunathe kuthengo."

Anasungunulanso shuga ndi mchere m'kapu. Kenako anagwada pafupi ndi mutu wanga, nayang'ana uku ndi uku ngakhale kunalibe munthu, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, kuno tili awiri. Ngati tinthu tako tija timamva, unene kuti titenge ine. Ine ndakula, ndadya zokwanira."

Ndinayesa kudzuka, chigongono chinakana. "Amayi, inunso? Palibe chilichonse. Ndi madzi a pachitsime awa."

"Chabwino, palibe," anatero akundiika kapu pakamwa. "Koma unene."

Ndinalira popanda misozi, chifukwa m'thupi munalibe madzi oti atuluke. Mayi ameneyu ankaganiza kuti mwina ndinapereka mdzukulu wake kwa kanthu ka m'botolo. Anakhala ndi maganizo amenewo masiku onse aja, akundipakulira chakudya, akugona nane pamkeka umodzi, ndipo anandibisabe m'chimanga n'kumandipukuta ngati khanda. Sindinadziwe ngati ndiwakwiyire kapena ndiwagwire miyendo. Ndinamwa madziwo mpaka kapu itatha.

Dzuwa lisanapendeke ndinakodza pang'ono, ndipo amayi anaomba m'manja mosatulutsa phokoso. Sindidziwa ngati inali kolera. Ndimaganiza kuti ikanakhala yeniyeni sindikanalemba izi. Tinakhalabe kumsasa mpaka maso anga atabwerera m'malo mwake, n'kubwerera kumudzi titasenza mondokwa. Amene anaona kuti ndaonda, amayi anawauza kuti ndi ulesi wa mumzinda ukutuluka.

Mwezi watsopano utaoneka atsibweni anasonkhanitsa anthu, nandibwezera foni pamaso pa onse, nanena kuti nkhani yatha. A ku Ngauma anapita kwawo. Tsiku lonyamuka achemwali anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanayankhule zambiri, koma anandinyamulira chikwama. Nyumba ya amayi ikadalipo mpaka lero.

Ku labotale ndinapeza mabotolo anga atatayidwa, maselo onse atafa. Tinadzutsa ena amene timasunga owumitsa mufiriji, ntchito n'kupitirira.

Amayi amandiimbira foni Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Amandiuza za mvula, za mbuzi, za amene akudwala ndi amene akwatiwa. Nkhani ya kumsasa sitinaikambepo. Koma tikatsala pang'ono kutsanzikana ndimawamva akuyenda, phokoso la ana likuchepa, mpaka afike kumene kulibe munthu. Ndiye amafunsa monong'ona.

"Tinthu tija tadya?"

Poyamba ndinkayesa kufotokozanso. Masiku ano ndimangoti, "Tadya, amayi," ndipo ndimawamva akupuma asanadule foni.